Ndani wagwira foni ya mwana wanga?

Magetsi anali atathima kuyambira chakumadzulo, ndiye kakuwala kalikonse m'nyumba kamaonekera patali. Cha m'ma 1 koloko usiku ndinadzuka kukamwa madzi, ndipo podutsa pa chipinda cha atsikana ndinaona kuwala kukutulukira kunsi kwa chitseko. Bambo salowa kuchipinda kwa ana aakazi usiku, choncho ndinakadzutsa mayi a kunyumba. Anakapeza mitu itatu itaunjikana m'bulangete limodzi: ana athu awiri, wa zaka 11 ndi wa zaka 9, ndi mwana wa achemwali anga wa zaka 13, amene anabwera kudzakhala nafe pa holide. Foni inali yake. Anamugulira ndi bambo ake, alamu anga, omwe ali ku Johannesburg chaka chachisanu tsopano.

Mayi anabwera nayo foniyo n'kundipatsa, ndipo inakagona m'dirowa mwanga. Kutacha, madzi a tiyi asanawire n'komwe, yanga inalira, nambala yoyamba ndi +27. Mtsikana uja anali atalawirira kwa aneba kukabwereka foni n'kuwauza bambo ake. Alamu sanapereke ndi moni womwe.

"Alamu, ndani wagwira foni ya mwana wanga?"

Funso limeneli ndayenda nalo miyezi ingapo: kuntchito, pa benchi ya azibambo pamaliro, mu minibasi ya ku Limbe. Ndinkayesa kuti achikulire adzakhala mbali yanga, achinyamata mbali ya alamu. Ayi ndithu. Agogo ena a imvi mbuu anandiuza kuti ndinachita chipongwe, chifukwa mlendo salandidwa katundu ngakhale akhale wamng'ono. Mtsikana wina wophunzitsa ku pulayimale anati ndinachedwa, ndikanailanda tsiku lomwe inalowa pakhomo. Iye akuti Lolemba m'mawa safunika kufunsa kuti ndani ali ndi foni kunyumba. Amangoona amene akuwodzera pa desiki belu loyamba lisanalire.

Amene amandiikira kumbuyo amayamba ndi mwambi, monga mukudziwira: mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ife tinakula tikudziwa kuti wamkulu aliyense ndi kholo. Ukapezeka ukusambira padamu loletsedwa, wokupezayo ndiye ankakukoka khutu, ndipo ukakanena kwanu unkakalandira zina zowonjezera. Komanso ine si mnansi chabe. Kwathu mwini mbumba ndi malume. Mwanayu akadwala, achemwali amayamba kuimbira ine. Tsiku limene adzapeze banja, akuchimuna adzagogoda pakhomo panga. Ndiye munthu woti ndidzamukhalire pamphasa pa nkhani ya ukwati, ndilephere kumuuza kuti nthawi yogona yakwana?

Komabe mfundo yolimba ya mbali iyi ilibe chochita ndi umalume. Foni si nsapato. Ukamugulira mwana nsapato amavala yekha, koma foni amaonera ndi anzake. Ine ndi mayi tinagwirizana kalekale kuti ana athu sadzakhala ndi foni ya tachi mpaka atalemba JCE, ndipo tapirira zambiri: misozi, kunyanyala nsima, ndi kanyimbo kosatha koti "anzanga onse ali nazo". Kupirira konseko kunasungunuka usiku umodzi m'bulangete muja. Kholo logulira mwana foni limayesa kuti lasankhira nyumba yake yokha, chikhalirecho lasankhira mdadada wonse wa nyumba. Ndipo wina asakunamizeni kuti bandulo ikatha nkhani yatha. Mavidiyo amayenda pa Bluetooth ndi pa memori khadi, ena ana amakabenetsa pa kaokala ka pamsika ndi ndalama ya mandasi. Alipo anyamata a ku sekondale amene aphunzira juga ya kandege pa foni ya mnzawo, chonsecho juga ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Makolo awo sanagulepo foni, koma ndalama ya transipoti ikuuluka nako kandegeko.

Ndiye pali nkhani ya umwini. Alamu amati "foni ya mwana wanga", koma m'kaundula dzina la mwanayo mulibe. Kuyambira mu 2018 MACRA inalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo chitupa cha unzika chimene ambiri timalembetsera munthu amalandira akakwanitsa zaka 16. Ndiye kuti nambala imene ili m'manja mwa mwana wa Sitandade 7 pafupifupi nthawi zonse ili m'dzina la munthu wamkulu. Facebook ndi TikTok nawo amati wosafika zaka 13 asalowe, kungoti pachipata palibe mlonda. Mwana amangolemba chaka chimene anabadwa azakhali ake, walowa. Mwana wa achemwali zakazo anali atakwanitsa. Wanga wa zaka 9, amene maso ake anali pa galasi lomwelo, anali asanakwanitse.

Kunja nako makolo afika pozindikira kuti kholo limodzi silingalimbe lokha. Ku America kuli mgwirizano wa Wait Until 8th, umene unayamba mu 2017: makolo a kalasi imodzi amalonjezana kuti palibe agule foni ya tachi mwana asanamalize giredi 8. Ku Britain amayi awiri, Daisy Greenwell ndi Clare Fernyhough, anatsegula gulupu ya WhatsApp mu 2024 pa nkhani yomweyi, ndipo inakula mpaka kukhala bungwe la Smartphone Free Childhood. Australia inafika patali: mu Novembala 2024 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loletsa ana osafika zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo. Ndikamawerenga zimenezi ndimaseka chamumtima. Zimene anzathu akusainirana pa kompyuta ndi zomwe amayi athu ankapangana pachitsime popanda cholembera.

Tsopano amvereni alamu, chifukwa mtima utakhala pansi analankhula mawu amene sanandichoke mpaka lero. Agogo awo aamuna anapita ku migodi nthawi ya Wenela. Kalata inkatenga miyezi kuti ifike, kenako inasiya kubwera, ndipo kumudzi anangoti atchona. Mayi awo a alamu anakula osawadziwa mawu a bambo awo.

"Ine sindifuna kukhala mtchona, alamu," anatero. "Kulesitilanti kuno ndimaweruka 10 koloko usiku. Ndikakwera takisi ndimamutumizira mawu, iye amandiyankha, ndimagona ndikudziwa kuti ndili ndi mwana. Foni imeneyo ndi ine. Mwatsekera ine m'dirowamo."

Ndinasowa choyankha. Ine ndinkaona chidole chobera ana tulo, iwo ankaona mpando wawo m'nyumba imene sakhalamo.

Zina zimene mbali iyi imanena n'zosavuta kuziona. Mtsikanayu amakwera kabaza popita kusukulu ndipo mayi ake amafuna kudziwa kuti wafika. Ndalama ya makope imabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana amene anali ndi foni pafupi ankalandira manotsi pa WhatsApp, anzawo n'kumadikira wailesi, ndipo chizolowezi cha aphunzitsi chotumiza ntchito pa gulupu sichinathe. Zonsezi n'zoona, ngakhale kuti zambiri mwa izo kafoni ka mabatani kangakwanitse. Ndipo sindinamvepo za mphunzitsi wotumiza masamu 1 koloko usiku.

Chimene chimandivuta kuyankha ndi china. Mwambi uja unabadwira m'mudzi momwe aliyense ankadziwa agogo a mnzake. Wokukoka khutu uja ndi yemwenso ankakubenthulira chimanga chootcha, n'kukubereka kumsana ukalasidwa ndi minga. Ufulu wodzudzula unkabwera pamodzi ndi mbale ya nsima. M'tauni muno tikukhala m'nyumba za lendi, aneba amasintha chaka ndi chaka, ena sitidziwa ndi kwawo komwe. Ambiri ofuula kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe amaukumbukira mwambiwu pa nthawi yolanda pokha, ikafika nthawi ya fizi auiwala. Ndiponso si wamkulu aliyense wofuna kuona foni ya mtsikana wa zaka 13 amene ali ndi mtima wa ukholo. Mayi wina kuntchito anandiuza mosapsatira: "Ine wanga ndinamuphunzitsa kuti bambo aliyense akati bweretsa foni ndione, akane. Ndiye mukufuna ndikamuuze kuti kupatula amalume?" Pamwamba pa zonsezi pali kanthenda kathu kaja ka nsanje. Kholo losauka likadzudzula foni ya mwana wa opeza bwino, yankho limadziwika kale: zikuwawawa chifukwa sangakwanitse. Nthawi zina amakhala akulinamizira. Nthawi zina ayi. Agogo aja anawonjezanso funso la ndalama: foni ya malipiro a mwezi wathunthu ikasweka kapena kusowa ili m'manja mwako, alipira ndani?

Apa ndiyenera kuulula, chifukwa nkhani ija sindinaifotokoze yonse. Foniyo isanalowe m'dirowa, ndinamuitanitsa mwanayo pabalaza n'kumuuza kuti anene pasiwedi. Ananena uku akulira. Atabwerera kukagona ndinakhala pampando mumdima ndikupalasa, ndikusakasaka chibwenzi, chithunzi cholaula, kapena bambo wina wachikulire wolonjeza mayunitsi. Ndinapeza mavidiyo a atsikana akuvina, gulupu ya anzake a m'kalasi yodzaza ndi timitima tofiira, ndi mzere wautali wa mauthenga a mawu ochokera kwa bambo ake. Ndinatsegula umodzi. Anali alamu, mawu otopa, kumbuyo kukumveka magalimoto. Ankamuuza mwana wawo kuti ganyu ya m'mawa ija yatha, ndalama ya mwezi uno ichedwa, koma asadandaule. Kenako anati asawauze amalume ake, angaganize kuti bambo ake ndi olephera.

Ndinaithimitsa pomwepo. Patapita sabata ndinawaimbira alamu n'kuwauza kuti ndinamva. Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayesa kuti netiweki yadula. Ndi iwo amene andilola kuti ndilembe izi.

Kuchokera usiku umenewo ndimasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu a mbali zonse amaziphatikiza: kusunga foni ndi kuitsegula. Kusunga ndi nkhani ya pakhomo. Kwathu ndine amene ndimanena nthawi yogona, monganso ndimanenera nthawi yotseka geti, ndipo ngakhale atabwera kudzagona mwana wa nduna, ikakwana 8 koloko foni yake ikagona pabalaza. Pamenepa sindinasunthe ndipo alamu akudziwa. Kutsegula ndi nkhani ya banja la eni ake. M'foni ya mwana simukhala mwana yekha. Mumakhala bambo ake, mayi ake, anzake, ndi zinsinsi za makomo ena amene sanakuitane. Ngakhale kale lija, wokukoka khutu padamu sankapitirira mpaka kukavundukula mphika wa amako kuti aone ndiwo. Ngati alipo woyenera kupalasa foni ya mtsikanayu ndi achemwali, ndipo ine ndingawalimbikitse kutero, mwanayo ali pomwepo.

Ena amandifunsa kuti nanga ndikanapezamo zoopsa? Bwenzi nditamupulumutsa. N'zoona, ndipo mantha amenewo si opeka. Akuluakulu onyengerera ana ndi mayunitsi ndi timphatso alipodi. Koma ine ndinalibe chizindikiro chilichonse. Ndinali ndi mkwiyo basi, ndi kamtima kofuna kupeza umboni woti alamu analakwa kugula foni. Ndikanakhala ndi chifukwa chenicheni, achemwali sakhala kutali. Ndi minibasi ziwiri zokha.

Kulakwa kwenikweni kunachitika mwana asanafike n'komwe. Tikamatumiza mwana kwa abale timanena zonse: nyemba zimamutsegula m'mimba, amamwa mankhwala a mphumu, amaopa agalu. Za foni timakhala chete, ngati n'zochititsa manyazi. Achemwali akanangoti "achimwene, ali ndi foni, bambo ake amamulankhula usiku", ine n'kunena kuti kwathu mafoni amagona pabalaza, bwenzi titapangana nthawi nkhani n'kutha. Nanenso sindinafunse.

Nditapita kukapepesa, achemwali anandidabwitsa. Anayamba atseka chitseko.

"Achimwene, inutu mwandithandiza. Foni imeneyi ine sanandifunse. Inangofika ndi a transipota m'katoni limodzi ndi mafuta ophikira, mwana n'kuitsegula ine ndisanaione. Ndiye mphatso ya bambo ake ndiilande bwanji?"

Apa abale athu a ku Joni, ku Cape Town ndi ku Leeds andimvere bwino. Wotumiza foni amalandira zikomo ndi timitima. Wotsala ndi mwana ndiye amalimbana ndi maso ofiira m'mawa, ndalama ya bandulo tsiku ndi tsiku, ndi sukulu lipoti imene yayamba kutsika. Ndipo akati adzudzule, amaoneka ngati akulimbana ndi wotumizayo. Palibe munthu amene amapatsa mwana wa eni mbuzi asanafunse ngati kwawo kuli khola. Azakhali, amalume, agogo, ngakhale bambo wobereka amene ali kutali: mufunseni kaye amene akugona ndi mwanayo m'nyumba. Alamu atamva kuti mkazi wawo sanakondwe nayo mphatsoyo zinawawawa kuposa za dirowa, koma sanatsutse.

Zanga zinathera m'banja. Zoipa kwambiri ndimaziona pa magulupu a makolo a kusukulu. Mayi wapeza uthenga wopusa umene mnyamata wina walembera mwana wake. Mtima uli m'mwamba, watenga screenshot n'kuiponya pa gulupu, pansi pake n'kulemba kuti "eni mwana uyu mumve". Pofika madzulo uthengawo wafika kukwaya, kumsika, mpaka kwa agogo a mnyamatayo kumudzi. Oikira kumbuyo mchitidwewu amati kuchenjeza anzako ndi chikondi, ndipo amati ukapita mwaulemu kunyumba amangokuyankha kuti "mwana wanga sangachite zimenezo". Yankho limenelo lilipodi, ndinalandirapo. Koma kholo lochititsidwa manyazi pagulu limateteza mwana wake ngakhale likudziwa kuti walakwa, pamene lofikiridwa pakhonde, mutapatsana moni ndi kufunsana za kumudzi, kawirikawiri limamuitana mwanayo nthawi yomweyo. Likakana, kuli aphunzitsi aakulu, kuli akulu a mpingo, ndipo nkhani ikakhala ya nkhanza kuli nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Pali chinthu chimodzi chimene chilibe mbali ziwiri: chithunzi cha mwana ali maliseche. Lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo oyendetsera dziko lino amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Kholo loponya chithunzi chotero pa gulupu kuti "taonani zimene akuchita ana athu" likudziika lokha pa mlandu, ndipo likumupweteka mwanayo kachiwiri.

Zina n'zazing'ono koma zimadanitsa. Kujambula ana a eni pa phwando n'kuwaika pa sitetasi, yunifolomu ndi dzina la sukulu zikuoneka: funsani kaye, si aliyense amafuna kuti dziko lidziwe kumene mwana wake amaswera. Bambo kusunga nambala ya mwana wa mnzake n'kumamutumizira kuti "wadzuka bwanji": ichi chokha ndilibe nacho chifundo, akhale mphunzitsi, mkulu wa kwaya kapena mnzanga wa pa bawo. Uthenga wopita kwa mwana udutse kwa kholo lake.

Holide yapitayi mtsikana uja anabweranso. Tinapangana asanafike. Alamu amaimba 7 koloko madzulo pa nthawi yawo yopuma, mwayi wake wotchi ya Johannesburg ndi ya Blantyre zimayendera limodzi, ndipo ikakwana 8 koloko foni imakwera pamwamba pa kabati. Mawu a 10 koloko aja amawamvera m'mawa akumwa phala. Pasiwedi anasintha, ine sindinafunse. Foniyo amandipatsa ndi manja awiri, atagwada, koma sakhalitsanso pabalaza kucheza nane ngati kale.

Alamu nawo afewa. Afewa mpaka kupitirira. Sabata ino anditumizira uthenga wa mawu, akuseka, kuti zinthu zayambanso kuyenda ndipo pa Khirisimasi akubwera. Akuti pofuna kuti nkhani ija ithe bwinobwino, ana anga awiri aja awagulira aliyense foni yake, asamasirire mnzawo. Ndinaumvera Lachiwiri, ndipo iwo aona kale kuti ndaumvera. Lero ndi Loweruka, sindinayankhe.